KODI NGWAZI YOBVALA CITHUMWA NDI NGWAZI?

Munthu wocokera kwa Kapichila akafika pa boma la Lundazi amaona nyumba yonga linga, imene Bwana Errol Button anamangitsa ca m'ma 1950, motsanzira malinga akale a ku Ulaya. M'malinga otero munali kukhala ankhondo a pa akavalo, obvala zacitsulo, ndipo nthano zao nzodzala ndi matsenga. Tsono funso ndi ili: ngati munthu apita kunkhondo atakhulupirira mankhwala kuti safa, kodi ayenera kuchedwa ngwazi?

Ndakatulo ina ya ku England, yolembedwa zaka za m'ma 1300 zili kutha, isimba za Gawain. Mlendo wobiriwira thupi lonse analola kuti Gawain amdule mutu ndi nkhwangwa, malinga nayenso akalandire nkhwangwayo caka cikatha. Mutu utagwa, mlendoyo anautola nacoka. Pa ulendo wokakwaniritsa panganolo, Gawain anagona kwa mfumu ina, napangana nayo kuti azipatsana ciliconse cimene aliyense wapeza pa tsikulo. Mkazi wa mfumuyo anampatsa lamba woteteza ku imfa, koma iye anabisa lambayo. Pomaliza kunadziwika kuti mlendo wobiriwira uja anali mfumu yomweyo. Inangomceka pang'ono pakhosi, cifukwa ca bodza lace. Cimene cinampulumutsa cinali cifundo ca mfumuyo, si lambayo ai.

Zotere sizili m'nthano zokha. Mu 1905, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania, Kinjikitile Ngwale anagawa madzi nati zipolopolo za Ajeremani zidzasanduka madzi. Angoni a ku Songea, abale a Angoni a ku Lundazi, analowa nao m'nkhondo imeneyo ya Maji Maji. Zipolopolo sizinasanduke madzi. Anthu anagwa ambirimbiri, ndipo mu 1906 atsogoleri ambiri anapacikidwa ku Songea.

Wina anganene kuti anthuwa sanali ngwazi, pakuti wosadziwa kuti angafe alibe mantha oti awagonjetse. Mau amenewa ali ndi nzeru, koma ngoperewera. Amene anathawa ataona anzao akugwa, kulimba kwao kunalidi m'madzimo. Koma analipo ena amene anamenyabe nkhondo mpaka 1907, atadziwa bwino lomwe kuti mankhwala alephera. Amenewo anali ndi cifukwa cina cozama, ndico kukana thangata ya m'minda ya thonje ndi ulamuliro wankhanza. Cotero ungwazi wa munthu uoneka pa cimene catsala mumtima mwace cithumwa cikalephera.

Gawain naye sanathawe. Anafika pa tsiku la pangano, naweramitsa khosi. Kulakwa kwace sikunali kuopa imfa, pakuti mantha ngacibadwa; kunali kubisa coonadi. Iye anabvomera mlanduwo, nabvala lamba uja poyera masiku ace onse, kuti cikhale cizindikiro ca manyazi ace.

Mnyamata wotsiriza sukulu, amene asunga kanyanga m'thumba pokafuna nchito, ayenera kulingalira izi. Akapeza nchitoyo adzathokoza kanyangako, osadziwa mphamvu zace za iye mwini. Akalephera adzati wina wamlodza, osaona pamene anaperewera. Ponse pawiri wadzibisira coonadi, ndipo sangakule m'nzeru. Akulu anati kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa. Za cithumwa ca phwitiyo sanachuleko.