Tayani Ndudu, Mphamvu Muli Nazo

Abale anga a m'chigwa cha Shire, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka, inu ndinu anthu osagonja. Madzi a 2015 anakokolola midzi, namondwe wa Idai anabwera mu 2019, wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, koma madzi ataphwa munatola makasu n'kubzalanso m'madimba. Ndiye munthu wopulumuka ku ukali wa Ruo ndi Shire agwetsedwe ndi kandudu? Ayi, zisatero!

Mdaniyu timudziwe bwino. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Muli nikotini, amene amafika ku ubongo m'masekondi 10 okha, mwini wake wa chibaba chija. Muli carbon monoxide, mpweya womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Muli formaldehyde amene amakonzera mitembo, benzene wopezeka mu petulo, cadmium wa m'mabatire, ndiponso arsenic, chiphe chenicheni. Mulinso phula. Mukatha kusuta, tang'ambani kathonje ka kumapeto kwa nduduyo muone. Kanali koyera, pano kada, kakunanda. Komatu kagwira zochepa chabe, zambiri zatsikira m'chifuwa mwanu. Ndipo wina asakunamizeni kuti chingambwe chokulunga m'khoko la chimanga n'chabwinoko poti n'chakumunda. Fodya akangopsa, chiphe chake n'chimodzimodzi.

Utsiwu umafooketsa timaubweya tosesa fumbi m'njira za mpweya, n'chifukwa chake wosuta amayamba tsiku ndi chifuwa chosatha. Umawononga mitsempha ya magazi, n'kuitana matenda a mtima ndi sitiroko. Wosuta savuta kugwidwa ndi chifuwa chachikulu. Kuno timadya thukuta lathu: wodula nzimbe ku Nchalo, wakabaza ku Ngabu ndi ku Bangula, msodzi wopalasa bwato m'dambo la Elephant Marsh, onsewa mpamba wawo ndi mapapo. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, mupuma ndi chiyani mapapo atatha?

Ganiziraninso kamwana kogona pamphasa pafupi nanu. Sikanasankhe kusuta, koma kakupuma utsi womwewo, ndipo chibayo ndi mphumu sizikhala patali. Mayi woyembekezera akamaupuma, mwana amatha kubadwa wonyentchera. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi osasuta. Dziko lathu, ngakhale limadalira fodya pa malonda akunja, linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Tsono mverani nkhani yokoma. Thupi lanu silisunga mangawa. Pakatha mphindi 20 mutasiya kusuta, mtima umayamba kugunda modekha. Pakatha maola 12, carbon monoxide uja amatsika m'magazi. Chikatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika pafupifupi ndi theka, ndipo pa zaka 10 cha khansa ya m'mapapo chimateronso. Kaya mwasuta kuyambira unyamata, simunachedwe.

Sankhani tsiku losiyira kusuta, muwauze akunyumba ndi anzanu a pabawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chibaba chikabwera, dziwani kuti sichikhalitsa: imwani madzi, tafunani nzimbe, bwirani masau kapena malambe, nyamukani muyende. Ndalama ya ndudu muziiponya m'chitini kufikira itagula nkhuku, kenako mbuzi. Ngati chifuwa chadutsa masabata awiri, onanani ndi alangizi a zaumoyo, mukayezetse; m'zipatala za boma mankhwala a TB ndi aulere. Mukaterereka n'kusutanso, dzukani, dzisanseni fumbi, yambiraninso.

Ana anu akufuna bambo woti adzawavinire pa ukwati, adzukulu akufuna agogo owafotokozera nthano. Ndudu imene ili m'thumbayo ithyoleni lero, musadikire mawa!