Maso a nkhono pamsika wa Milange

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofulumira amadutsa, koma woleza mtima amaona zobisika.

Ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, mwambiwu uli m'manja mwa amisiri. Njinga zowoloka malire a Muloza zimamangidwa katundu ndi mphira wodulidwa ku machubu otha. Tayala lophulika limasanduka nkhwaira. Chitini cha mkaka, mmisiri akachiboola, kuchiwotcherera kakhosi ndi kulowetsamo chingwe cha nsanza, chimakhala koloboyi wowerengera ana usiku kumidzi yopanda magetsi. Amachitembenuza kangapo asanachikhudze ndi lumo, ndipo kudekha kwake n'kumeneko.

Zimandiwawa kumva ena akuti uwu ndi umphawi chabe. Taganizani za zinyalala: majumbo otayidwa amatseka ngalande mvula ikagwa, mbuzi zikawameza zimafa. Tsidya lina la malire, Malawi adaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma lamulo silitola jumbo ngakhale imodzi. Amene amatola ndi mwana womanga mpira wachikulunga, komanso mayi woluka chopondera pakhomo ndi timizere ta majumbo ndi zigamba za chitenje. Ntchito yawo tiigule pamtengo woyenera, osanenerera mpaka kuwapweteka.