Mau kwa Makolo a kwa Kanduku

Abale okondedwa, manachesi apsa ku Mwanza, ndipo ana athu alowa chigawo chachitatu, ndicho chotsiriza cha chaka cha sukulu. Tamvani zimene aphunzira m'miyezi iyi.

Pa masamu awerengera milu ndi ndalama, kuti wogula wa pa mseu wa ku Zobue asawanyenge. Pa zaulimi aphunzira kusamala nthaka ndi mitengo ya zipatso. Pa Chichewa ndi Chingerezi aphunzira kulemba kalata, nakhoza kuwerenga okha Mau a Mulungu. Pa za dziko adziwa kuti madzi a mtsinje wa Mwanza atsikira ku Shire, ndi a Shire ku Zambezi. Nzeru zonsezi zichokera kwa Mwini mmodzi, monga nthambi za mtengo umodzi.

Kumbukirani Danieli. Anaphunzira mabuku a Akasidi zaka zitatu ku Babulo, osataya Mulungu wake. Ndipo pamene anzeru onse a mfumu analephera, woitanidwa anali iye.

Koma ena a inu mwachotsa ana m'sukulu, mwawasenzetsa dengu akagulitse zipatso pamseu. Kodi mlimi athyola chipatso chosapsa? Fizi ya pulaimale inachotsedwa mu 1994. Nanga mudzawiringula chiyani pamaso pa Iye amene anakuikizani anawo? Ndalama za dengu zitha mawa, koma wosadziwa kuwerenga asauka kufikira imvi.

Senzani dengu nokha, mwana apite kusukulu. Mulungu akuthandizeni. Amen.