Musanatumize ndalama za malo kuchokera ku Joni

Ana anga, inu muli ku Joni ndi inu mwatsala kuno kwa Katuli, tamverani za malo. Mnyamata akagwira ntchito ku Durban kapena ku Cape Town, chimene amayamba kulakalaka ndi puloti pa tiredi senta kapena munda wa maekala awiri. Zimenezo n'zanzeru, kuposa njinga yamoto imene idzakhala zitsulo pakatha zaka zitatu. Vuto n'lakuti ndalama pa Mukuru zimafika tsiku lomwelo, pamene nkhani ya malo imayenda ngati nkhalamba ya ndodo. Ambiri mumalipira musanafunse.

Musayambe ndi mtengo. Yambani mwafunsa kuti malowo ndi a yani. Kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba. Bambo amene mwamupeza akulima pamenepo zaka 20, amene aliyense amati ndi munda wa uje, akhoza kukhala mkamwini chabe. Mundawo ndi wa akazi ake ndi abale awo a bere limodzi. Ngakhale mwini mbumba, amalume aja amaweruza za pabanja, ndi woyang'anira, sagulitsa payekha. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti "azimayiwa musavutike nawo, ndalankhula nawo kale," bwezani ndalama m'thumba. Pemphani kuti amayi a pabanjapo akhale pansi, muwaone ndi maso, alankhule okha, asaine kapena adinde chala. Wina akakhala ku Blantyre kapena ku Joni komweko, aimbiridwe foni anthu akumva. Amene sanafunsidweyo ndi amene amadzatulukira inu mutafika kale pa lintala, ndipo nthawi zambiri pabwalo amamumvera.

Tsopano za kalata ya amfumu, imene ambiri mumaisunga m'sutikesi n'kumati muli ndi mapepala. Kalata ya sitampu ya anyakwawa kapena agulupu ndi umboni wabwino wakuti mudzi ukudziwa kuti mwalowa pamalopo, ndipo musagule popanda iyo. Koma si chikalata cha umwini. Lamulo la malo la 1965 linkati malo a mafumu ndi a anthu onse a Malawi, osungidwa m'dzina la Pulezidenti, ndipo makhoti akhala akugamula kuti malo otere sagulitsidwa ngati mbuzi pamsika. Chimene mumalandira ndi chilolezo chokhala ndi kulima, pamodzi ndi zimene mnzanu anaikapo: nyumba, chitsime, mitengo.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano, ndipo lina mwa iwo limalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo n'kulandira satifiketi. Ntchitoyo imadzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu: agulupu ali pampando, ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Mkangano ukabuka umayambira kubwalo la malo la kwa T/A, n'kupita la paboma, kenako la dziko lonse. Kalemberayu akufalikira pang'onopang'ono, choncho musanalipire, tumani munthu ku ofesi ya za malo kwa DC ku Mangochi akafunse ngati malowo analembetsedwa, ndi m'dzina la yani. Ulendo wa kuboma ndi wautali, ndikudziwa, koma safunsa anadya phula. Mu 2022 malamulowa anawakonzanso, n'kuletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Ife a m'malire tisamale pamenepa: m'bale wa ku Mandimba timadya naye mbale imodzi, timaswali naye mumzikiti umodzi, koma pamaso pa lamulo ndi wa ku Mozambique.

Malo a lizi ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene loya amafunikadi. Ndikunena maesiteti a mbali ya Namwera ndi mapuloti ambiri a paboma. Lizi ndi kubwereka malo kwa zaka zowerengeka. Za minda zambiri zinaperekedwa za zaka 21, za nyumba zaka 99. Munthu akakuonetsani chipepala chokhala ndi mapu ndi chidindo, werengani chaka chimene chinayamba. Lizi ya fodya ya m'zaka za m'ma 1980 imene sanaikonzenso inatha kalekale. Loya wanu, osati wa wogulitsa, akafufuze m'kaundula wa Unduna wa za Malo: dzina lilimo ndi la wogulitsayo kodi? Malowo sanaikidwe chikole ku banki? Lendi ya chaka ndi chaka ya kuboma yakhala ikulipidwa? Kenako pamafunika chilolezo cha Unduna chosinthira umwini, kalata ya MRA yosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, msonkho wa sitampu, ndi kulembetsa dzina lanu m'kaundula. Zonsezi zimadya ndalama ndi miyezi, ndiye gwirizanani poyambirira kuti alipira chiyani ndani. Dzina lisanasinthe m'kaundula, boma limadziwa mwini wakale, ndipo iyeyo akhoza kugulitsanso kwa wina, kapena kumwalira ana ake n'kukukanani. N'chifukwa chake simupereka ndalama zonse tsiku loyamba. Gawo lalikulu lidikire mapepala.

Palinso minda ya Kudzigulira Malo, pulojekiti imene pakati pa 2004 ndi 2011 inakhazika mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, pa maesiteti ogulidwa kuno ku Mangochi, ku Machinga ndi maboma oyandikana. Malowo ankagulidwa pagulu. Wina akafuna kukugulitsani mahekitala ake awiri chifukwa akubwerera kwawo, kaonaneni ndi atsogoleri a gululo kaye, muone chikalata chili m'dzina la yani.

Malo a womwalira ndiye aopeni. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Nyumba ya malemu sagulitsa mchimwene wake chifukwa choti ndiye anayendetsa maliro ndi sadaka. Funsani kalata ya khoti yopatsa munthuyo mphamvu yoyendetsa chumacho.

Chimene chimandiwawa kwambiri sichichokera kwa madobadoba, chimachokera m'nyumba momwe. Mwana atumiza ndalama kwa mkulu wake kuti amugulire puloti, mkuluyo n'kulembetsa dzina lake, "poti mwini wake kulibe." Pakatha zaka zisanu, wamangapo, ana ake akuti pathu. Musachite manyazi kunena kuti pepala lilembedwe m'dzina lanu lenileni monga lilili pa chiphaso cha unzika, ndi nambala yake, ndipo akutumizireni chithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo. M'bale wokhulupirika sakwiya nazo. Sungani malisiti a Mukuru ndi mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money. Ndipo iwe mnyamata amene ukumanga nyumba ya malata kuchikamwini, dziwa kuti ukumangira mkazi ndi ana. Ndi chinthu chabwino, bola uchichite ukudziwa.

Inu ogulitsa, pitani mukaone gombe la Makawa ndi Nkopola, kumene mipanda ya makoteji yandanda mpaka asodzi ndi amayi okatunga madzi amazungulira mtunda kufuna njira ya kudoko. Ndalama za malowo zinadyedwa kale. Kuno kumtunda zomwezo zayambanso m'mbali mwa msewu ndi m'madimba.

Tibwerere kwa inu ogula: tsiku lolemba pangano musakhale pakhonde. Yendani malire onse ndi mapazi, pamodzi ndi amfumu, amayi a mbumba ija, ndi eni minda yoyandikana nayo mbali zonse. Malire a "kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa masuku" amatha tsiku limene wina wadula mtengowo kuwotcha makala. Ngati mungathe itanani saveya aike mabikoni, apo ayi bzalani khonje m'ngodya anthu akuona. Mboni zanu zikhale zanu, zosachepera ziwiri, ndipo pakhale wachinyamata amene adzakhalepobe zaka 30 zikubwerazi. M'panganomo mulembe kukula kwa malo, ndalama zonse, zimene zaperekedwa ndi zotsala, tsiku lolowa, chimanga chili m'mundamo akolola ndani, mango ndi nsungwi zikhala za yani, ndiponso ngati njira ya kuchitsime kapena ya kumanda imadutsa pamenepo. Mapepala akhale atatu: lanu, la wogulitsa, ndi lotsala kwa amfumu.