Kodi Mawu Ololedwa Sanganamize?

Inu ogula oyilo wa galimoto, mukaona "synthetic" pachigubu mumamva chiyani? Ambiri amati ameneyo sachokera ku mafuta okumba pansi. Koma mu 1999 ku America, Mobil itadandaula za Castrol Syntec, bungwe loona zotsatsa malonda linalola kuti oyilo wokumba pansi, akayengedwa kwambiri, azitchedwanso synthetic.

Ndiye kampani siinaname, eti? Kumsika ena amakuwa kuti "tomato walero!" chonsecho lero wangofika, anathyola dzana. Mawuwo ndi oona, koma wogula wamva zina, wogulitsa akudziwa bwinobwino. Kwa ine limenelo ndi bodza basi.

Oyiloyo sikuti ngoipa ayi. Koma musanatulutse ndalama zambiri, tembenuzani chigubucho, muone chizindikiro cha API ndi manambala ngati 5W-30, muyerekeze ndi zomwe buku la galimoto yanu likunena.