Kodi Malaya a Kampeni Aonetse Chilonda cha Bulu?

Wapampando: Mutu wathu ndi wakuti: malaya amene tidinde pa 4 Okutobala, tsiku loganizira nyama padziko lonse, akhale ndi chithunzi cha bulu wazilonda. Wovomereza, bwalo ndi lanu.

Wovomereza: Zikomo a Wapampando, oweruza ndi anzanga nonse. Ndani pano sanaonepo nkhuku zitamangidwa miyendo, mitu ikulendewera pahendulo ya njinga? Kapena mbuzi itanjatidwa pakaliyala, dzuwa likuswa mtengo? Nanga bulu wokoka ngolo ya njerwa, khosi litanyuka? Timaona, koma maso anazolowera. Bungwe loteteza nyama la LSPCA lakhala likulankhula ku Lilongwe kuyambira 2008, koma tiana ta agalu tikugulitsidwabe m'mbali mwa msewu. Mawu okha akanika. Dziko la Canada linaika zithunzi za ziwalo zowonongeka pamapaketi a ndudu mu 2001, maiko ambiri n'kutsatira. Ifenso chilondacho tichiike pachifuwa, anthu anyansidwe, asiye nkhanza.

Wotsutsa: A Wapampando, mnzangayu wandipatsa yekha mkondo. Paketi ya ndudu amainyamula ndani? Wosuta. Mapapo ali pachithunzipo ndi a yani? Ake omwe. Ndudu zikatha, paketi kudzala. Tsono malaya athuwa adzavala ndi mwini ngolo? Ayi, adzavala ndi ineyo, amene sindinamenyepo bulu. Ndikwere nawo minibasi, mayi wa pambali panga akudyetsa mwana nthochi? Ndilowe nawo m'tchalitchi? Malaya oterowo adzavalidwa tsiku la mgubo lokha, mawa lake ndi chokolopera.

Wovomereza: Mwamva, oweruza? Akuda nkhawa ndi nthochi ya mwana, bulu akutuluka magazi! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akufuna malaya otchenera pa Facebook, mtima wachifundo alibe.

Wotsutsa: Za mtima wanga zisiyeni, tikambe za utoto. Pitani kwa wodinda malaya aliyense ku Limbe. Mtundu uliwonse amaukonzera sikirini yakeyake, ndipo chithunzi chojambula ndi kamera chimafuna mitundu inayi. Ndalama za malaya ambiri zithera pa ochepa. Kenaka sopo, mwala wochapira ndi dzuwa la Okutobala zichite zake: kufiira kuja kusuluke, chilonda chanucho chizioneka ngati munthu wadzitayira msuzi wa ndiwo.

Wovomereza: Ndiye tikhale chete chifukwa utoto ndi wodula? Inu munakulira m'tauni, ngolo mumaionera pawindo la galimoto!

Wapampando: Tibwerere pamutu, chonde.

Wotsutsa: Ndayamika a Wapampando, koma za ngolozo ndiyankhe, popeza m'pamene pagona nkhani. Mnzanga wodziwa za kumudziyu atiuze: chilonda cha pakhosi pa bulu chimabwera bwanji?

Wovomereza: Nkhanza basi! Chikwapu!

Wotsutsa: Walakwa. Chikwapu chimatema msana. Cha pakhosi chimabwera ndi goli. Goli analipangira ng'ombe, imene ili ndi khosi lochindikala ndi linunda lotsamirapo mtengo. Bulu mphamvu zake zili pachifuwa, amayenera lamba wotambalala wopingasa pachifuwapo. Mlimi wa ku Dedza amene wagula abulu chifukwa ng'ombe zakwera mtengo amangowaveka goli limene analipeza pakhomo. Sikuti ndi mfiti, sanauzidwe. Mukamuonetsa chilonda adzati, "Ndimachiona tsiku ndi tsiku, nanga nditani?" Malaya anu alibe yankho. Athu akhale a mtundu umodzi wowala, bulu atavala lamba moyenera, pansi pake mawu akuluakulu a m'Chichewa owerengeka munthu ali kutsidya kwa msewu: "Bulu akoka ndi chifuwa, osati khosi." Tidindenso zitenje, monga amachitira a zipani ndi a mipingo, poti chitenje chimafika kuchigayo, kumjigo ndi kumaliro komwe.

Wovomereza: Zofewa chonchi ndani angazione?

Wotsutsa: A Mission Rabies atayamba kubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre mu 2015, ankadziwika ndi malaya achikasu, opanda chithunzi cha galu wa thovu kukamwa. Anthu anabwera ndi agalu awo pamzere. Oweruza, mwini bulu tikumufuna abwere kwa ife adzafunse kosokera lambayo. Mutuwu muukane.