Galu Akaluma, Mlandu Ngwa Yani?

Kumtunda kwa Chitakale, ukasiya msewu wa tala n'kulowera cha kuphiri, kuli mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Ukalaliki wa pa esiteti ya tiyi anausiya kalekale. Lero amaweta agalu, ndipo nyumba yake ya malata, njinga yamoto ndi fizi ya ana ake, zonsezo zachokera m'khola la agaluwo. Si agalu athu aja a nthiti zowerengeka, ongodikira mkute pakhomo. Izi ndi zimphona. Wamphongo ndi Boerboel, mtundu umene Mabunu a ku South Africa ankaweta m'mafamu mwawo, ndipo galu wotere akakhwima amalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ameneyu amamukweretsa pa akazi a mtundu wa Rottweiler kapena German Shepherd, ana ake n'kumagulitsa kwa anthu a pa Boma, a ku Luchenza, a ku Limbe, ngakhalenso a kutsidya kwa Muloza, ku Milange.

Tsiku lina ndinamupeza akusankha mbewu. Mkota unali ndi ana asanu ndi awiri. Iye ankagogoda lata ndi kamtengo, n'kumayang'ana. Kamwana kothawira kwa make ankakaika padera. Kolusira kamtengoko ankakasisita pamutu.

"Aka ndiye ka mbewu, achimwene," anatero. "Ogula safuna galu wogwedeza mchira. Asanafunse mtengo, amayamba afunsa kuti, kodi amaluma?"

Ndinaseka naye, koma pobwerera kwathu funso lina linandikhala pamtima. Kagalu aka kakadzakula n'kudzang'amba munthu wosalakwa, mlandu udzakhala wa yani? Wa galuyo, wa amene anamugula, kapena wa mnzangayu ndi kamtengo kake?

Tisafulumire kumuponya miyala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene amagula agaluwa si onse odzitama. Pali mayi wamasiye amene akuba amuthyolera nyumba kawiri, n'kumutengera ndi bulangete lomwe. Pali mlimi wa nanazi ndi mapeyala amene amalima chaka chonse, okolola n'kukhala ena. Polisi ili kutali, ndipo usiku mtundawo umatalika kawiri. Mlonda amafuna malipiro mwezi ndi mwezi, amawodzera, mwinanso amapangana ndi akubawo. Galu salandira ziphuphu. Munthu wodziteteza pakhomo pake sanachimwe, ndipo ine amene ndinagonapo ndi chikwanje kumutu sindingamuseke.

Pabwalo la amfumu nkhaniyi siivuta. Mbuzi ikadya chimanga cha eni, amalipa ndi mwini mbuzi, osati amene anamugulitsa mbuziyo. Mnzanga uja amaima pomwepa. Akuti akalandira ndalama, galu ndi zochita zake zonse zapita ndi wogula. Koma ine ndikuona kusiyana. Njala ya mbuzi sanaipange munthu. Mbuzi iliyonse imabadwa nayo. Ukali wa agalu awa ndi wochita kuumba, monga mayi aumbira mphika, ndipo woumbayo amadziwa chimene akuumba.

Wina angati khalidwe la galu limachokera m'kaleredwe kokha. Kaleredwe kali ndi mbali yake, inde, koma magazi nawonso amalankhula. M'chaka cha 1959, ku Novosibirsk m'dziko la Russia, katswiri wina dzina lake Dmitry Belyaev anayamba kuweta nkhandwe. Pa mbadwo uliwonse ankasankha zokhazo zosaopa munthu kuti ndizo ziswane. Patangopita mibadwo yowerengeka kunayamba kubadwa nkhandwe zogwedeza mchira ndi kunyambita anthu ngati tiagalu. Pambuyo pake anayesanso mbali inayo, kusankha zolusa zokhazokha, ndipo anapeza nkhandwe zolumphira aliyense woyandikira khola. Mnzanga wa ku Chitakale sanamvepo za Belyaev, koma kamtengo kake kakugwira ntchito yomweyo. Ndiye asatiuze kuti iye amangogulitsa galu. Amagulitsa ukali, ndipo ukaliwo ndiwo amaikira mtengo.

Apa ndi pamene mtima wanga umakana. Galu wa makolo athu ntchito yake yaikulu inali kuuwa. Akauwa usiku, wa pakhomo lina ankayankha, mudzi wonse n'kudzuka, amuna n'kutuluka ndi zibonga ndi miuni. Galu anali ngati ng'oma yoitanira anthu, ndipo oweruza anali anthuwo. Iwo ndiwo ankaona ngati wabwerayo ndi wakuba, chidakwa chosochera, kapena mlamu amene wafika mochedwa kudzanena za maliro. Galu wa mnzangayu saitana munthu. Iye yekha ndiye mlonda, mboni, woweruza ndi wopereka chilango, zonsezi m'kanthawi kochepa kuposa kamene mwini nyumba angapezere nsapato. Tapereka chiweruzo kwa nyama yosadziwa kufunsa dzina.

Ife a ku Mulanje tiyenera kudziwa bwino kuposa ena kuopsa kwa chiweruzo chosafunsa dzina. M'chaka cha 2017, mphekesera ya anamapopa itabuka kuno n'kufalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu anatseka misewu, kugenda magalimoto, ndipo ena anaphedwa popanda mlandu wina koma wongokhala achilendo pamalopo. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'dera lino. Tonse tinachita manyazi pambuyo pake. Mantha aja anatha, anthu anabwerera m'maganizo awo. Koma mantha amene tawaika m'magazi a galu sabwerera m'maganizo. Amadzuka nawo m'mawa uliwonse kwa zaka khumi.

Ndipo taganizani amene amalowadi pa geti la munthu. Wakuba amabwera mwina kamodzi pa zaka zingapo, ndipo wakuba wochenjera amabwera ndi nyama yothira tameki. Obwera tsiku ndi tsiku ndi ena: mtsikana wogulitsa nthochi, mnyamata wa maganyu, wowerenga mita ya madzi, mwana wa aneba amene mpira wake wagwera mkati mwa mpanda, mdzukulu wobwera pa holide amene galuyo samudziwa. Galu wa makilogalamu 50 ndi mwana wa sitandade 1, nkhope ya mwanayo ili pa msinkhu weniweni wa mano.

Mayiko ena anafika pozindikira kuti kulanga mwini galu mwana atalumidwa kale n'kutseka khola mbuzi zitatuluka. Ku Britain, lamulo la 1991 linaletsa kuswanitsa ndi kugulitsa agalu a mtundu wa pit bull, ndipo kumapeto kwa 2023 England ndi Wales anawonjezerapo mtundu wa XL Bully. Sindikunena kuti kuletsa mitundu ndiko mankhwala. Mnzanga angangosakaniza mitundu ina, dzina n'kusintha, mano n'kukhala omwewo. Chimene ndikuonapo n'chakuti opanga malamulowo analondola mapazi a mlandu mpaka kukafika pakhomo pa woweta ndi wogulitsa.

Za galu mwiniwakeyo sitinena kawirikawiri. Ambiri mwa agaluwa amaswera m'kabokosi ka matabwa kapena pa tcheni, dzuwa lonse, kuti asazolowere anthu. Ena amati amawathirira tsabola m'chakudya kuti aziwawa mtima. Nyama imene inasiya tchire kuti ikhale ndi munthu, ife tikuiphunzitsa kuti munthu aliyense ndi mdani kupatula wobweretsa mbale. Akadzaluma, anthu a m'mudzi adzamupha ndi miyala, ndipo pa onse okhudzidwa ndi nkhaniyi iye yekha ndiye sanasankhepo kanthu.

Sindikuti mnzanga atseke khola. Galu wamkulu wa mawu ogunda, wodziwa kuima pakati pa mbuye wake ndi mlendo, womva akauzidwa kuti leka, amathawitsa wakuba chimodzimodzi, ndipo woweta angathe kusankha mbewu yotere ndi kamtengo komweko. Angathenso kufunsa wogula ngati ali ndi mpanda wolimba, ngati pakhomo pali ana, ngati adzam'bayitsa katemera wa chiwewe, n'kukana ndalama ngati mayankho sakumveka. Wosula mipeni sitimuimba mlandu wa aliyense wobayidwa, chifukwa mpeni sudzuka wokha usiku n'kudumpha mpanda. Galu amadumpha.

Zonsezi ndinamuuza mwezi watha, titakhala pakhonde pake tikumwa tiyi, mitambo itaphimba Sapitwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Mwalankhula bwino, achimwene. Koma ndikayamba kufunsa mafunso amenewo, ogula apita kwa wina. Ana anga adya mafunso?"

Ndinalibe yankho lachangu. Tili chikhalire choncho, kamwana kake ka chitsiriza, ka zaka zinayi, kanatuluka m'nyumba kakuthamangitsa nkhuku, kulunjika kuseri kumene kuli makola. Mnzanga anadzambatuka, kapu ya tiyi n'kugubuduka, ndipo anakagwira pamkono kasanafike pa ngodya ya nyumba.

"Ndinakuuza chiyani iwe? Kumeneko sikopita ana!"